Mpingo wathu ku Joni waima pa anthu 80: titani kuti ukule ndi kubala nthambi popanda kugawikana?

Funso: Mkulu wa mpingo wina wa Amalawi, umene umasonkhana m'holo ya lendi ku Rosettenville, wafunsa motere: "Kwa zaka zingapo tsopano, Lamulungu lililonse timakhalapo anthu pafupifupi 80. Alendo amabwera, koma akapemphera nafe kawiri kapena katatu sitiwaonanso. Akhristu athu ena amachokera ku Diepsloot, ku Cosmo City ndi ku Tembisa, ndipo akupempha kuti titsegule nthambi kufupi ndi kwawo. Abusa akuopa kuti tikalola, mpingo ugawikana ndipo chopereka chitsika. Atsogolerife tingatani kuti mpingo uzolowere kukula ndi kuchulukana?"

Yankho:

Bambo mkulu wa mpingo, nambala imene mwatchulayo ikuulula pamene pali vuto. Anthu 80 ndi gulu limene munthu mmodzi wakhama angathe kulisamala yekha: kudziwa dzina la aliyense, kuzonda odwala ku South Rand kapena ku Baragwanath, kukhala pa milandu ya m'mabanja, kuyankha WhatsApp pakati pa usiku, n'kulalikiranso Lamulungu lililonse. Mpingo umene zonse zimadutsa m'manja mwa mbusa mmodzi kawirikawiri umaima usanafike pa anthu 200, ndipo kuno, kumene abusa ambiri ali ndi ntchito ina yowapatsa chakudya, umaima msanga kuposa pamenepo. Sikuti anthu sakupemphera mokwanira. Manja a abusa adzaza, ndiye mlendo akalowa palibe womugwira mkono, amangosowa mwakachetechete.

Chizolowezi cha mpingo sichichokera pa mawu olembedwa pa nsalu ya kuguwa. Akhristu amaphunzira poona zimene atsogoleri amachita: ndani amayamikiridwa kutsogolo, ndani amapatsidwa mpata woima pa guwa, ndalama zimapita kuti, ndipo ndi zolakwika ziti zimene zimangolekereredwa. Ngati pa zolengeza mumatchula mayina a amene apereka zambiri pa tsiku losonkhanitsa ndalama, koma simunatchulepo mayi amene anakachingamira mlendo ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima ku Joni, n'kumusunga milungu iwiri, mpingo wamva kale chimene mumalemekeza. Mutha kulalikira za kukopa anthu chaka chonse, koma anthu adzatsata chimene chimaomberedwa m'manja.

Musanasinthe kalikonse, werengani. Kwa milungu 8 yotsatizana (musayambe mu Disembala, pamene theka la mpingo lakwera mabasi opita kumudzi) mlembi alembe zinthu izi: akuluakulu ndi ana amene abwera, alendo angati, mwa alendowo ndi angati abweranso kachiwiri, ndi mayina a onse amene agwirapo ntchito tsikulo, kuyambira wolalikira mpaka woyala mipando. Pamapeto pake mudzaona kuti mayina omwewo, mwina 8 kapena 10, ndi amene akubwerezabwereza. Lembaninso dera limene aliyense amagona, osati kumene amachokera ku Malawi. Pepala limeneli ndi limene lidzakuuzeni kumene nthambi ingamere.

Za alendo osabwerera

Mlendo wa ku Joni safanana ndi mlendo wa ku Dedza. Nthawi zambiri wangofika kumene, akugona kwa mbale, alibe ntchito yokhazikika, ndipo sakudziwa kuti takisi ya ku Randburg amakwerera pati. Chimene chimamubweza Lamulungu lachiwiri si ulaliki wokha, koma munthu mmodzi amene wamukumbukira dzina. Sankhani anthu anayi, amuna awiri ndi amayi awiri, amene ntchito yawo ikhale imodzi yokha: kucheza ndi alendo mapemphero akatha, kutenga nambala ya foni ngati mwini wake walola, ndi kumuimbira pasanathe masiku awiri. Kuimba, osati kutumiza uthenga wogawana pa gulu. Mlungu wachiwiri amuitanire ku mlaga (kagulu ka akhristu oyandikana kokumana m'dera lawo) wa kufupi ndi kwawo. Isanathe miyezi iwiri, akhale atapatsidwa kantchito kakang'ono, kaya kunyamula zokuzira mawu kapena kutsuka makapu a tiyi. Munthu amene akudziwa kuti akapanda kubwera chinachake chiima, amabwera.

Pali zinthu ziwiri zimene zimathamangitsa alendo kuno ndipo atsogoleri ambiri saziona. Choyamba ndi fomu yofunsa nambala ya pasipoti kapena pemiti. Mpingo suyenera kufunsa zimenezi kwa wodzapemphera. Dzina, dera ndi foni zakwana. Ngakhale nambala ya foniyo musaiike pa gulu la WhatsApp mwini wake asanavomere, chifukwa lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limateteza mbiri ya munthu, ndipo mipingo siili kunja kwa lamuloli. Chachiwiri ndi kumuimiritsa mlendo kutsogolo kuti anene kwawo, mfumu yake ndi mpingo umene wachokera. Kumudzi ndi ulemu. Kuno kuli anthu amene ali ndi zifukwa zosafunira kudziwika ndi gulu lonse tsiku loyamba. Mulonjereni ali pampando pake, zambiri adzanena yekha akazolowera.

Onaninso holo yanu. Pa mipando 10 iliyonse, 8 ikadzaza, wobwera mochedwa amaona ngati malo atha. Ngati holoyo imalowa anthu 100, ndiye kuti 80 ndi malire ake, ndipo mwina mbali ina ya vuto lanu ndi makoma chabe.

Milaga ndiyo nazale ya atsogoleri

Njira imeneyi si yachilendo kwa Amalawi. A CCAP ali ndi milaga, Akatolika ali ndi miphakati, imene inalimbikitsidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1970 pamene Patrick Kalilombe anali episkopi wa ku Lilongwe. Ngakhale Sinodi ya Harare ya CCAP, imene inaima payokha mu 1965, inachokera kwa Amalawi amene anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) n'kumasonkhana okha kumene anali. Mu Eksodo 18, Yetero analangiza Mose kuti aike atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10 m'malo moweruza yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mpingo wanu ukusowa atsogoleri a anthu 10.

Gawani anthu m'milaga ya anthu 8 mpaka 12 potsata kumene amagona, kuti azitha kuyenda wapansi kapena kukwera takisi imodzi yokha. Mlaga uliwonse ukhale ndi mtsogoleri ndi womutsatira amene akuphunzira ntchito, ndipo onse adziwe kuyambira tsiku loyamba kuti akafika anthu 15 kwa mwezi wathunthu, mlagawo udzabala wina ndipo wophunzirayo ndiye adzautsogolera. Mukabisa zimenezi poyamba, tsiku logawa anthu adzalira kuti mukuwalekanitsa ndi anzawo. Mukazinena msanga, amadikira tsikulo ngati chikondwerero.

Nthawi yokumana musaikhazikitse muli ku Rosettenville. Alonda amagwira maola 12 ndipo masiku awo opuma amasinthasintha. Ogwira ntchito m'nyumba za mabwana ena amatuluka Loweruka masana okha, ena kawiri pa mwezi. A m'malesitilanti ndi m'mashopu a ku Fordsburg ndi ku Mayfair ambiri amagwira Lamulungu. Kuyenda usiku m'madera ena n'kudziika m'mavuto. Mlaga uliwonse usankhe nthawi yake, ndipo msonkhano usapitirire ola limodzi ndi theka: pemphero, kuwerenga Mawu ndi kukambirana, kumva mavuto a wina ndi mnzake, kenako kutchula dzina la munthu mmodzi amene aliyense akufuna kumuitana. Mbali yomalizayi ndi imene imayamba kufa, ndipo ikafa mlaga umasanduka gulu la abwenzi akale limene mlendo sangalowemo.

Apa ndi pamene ntchito ya abusa iyenera kusintha, ndipo ndi povuta. Wodwala azizondedwa ndi mtsogoleri wa mlaga poyamba, abusa azibwera pa nkhani zikuluzikulu. Akhristu ena adzadandaula kuti "abusa atitaya, angotitumizira mnyamata." Ngati abusa athamanga kukapepesa ndi kuyambiranso kuchita zonse okha, dongosolo lonse lagwa tsiku lomwelo. Ayenera kuima pa guwa n'kunena poyera kuti amene wazondedwa ndi mtsogoleri wa mlaga wazondedwa ndi mpingo.

Kuphunzitsa mtsogoleri sikufuna kalasi ya ziphaso. Wophunzira ayambe ndi kuonerera, kenako azithandiza mbali ina, kenako achite yekha mphunzitsi ali pomwepo, ndipo pomaliza achite mphunzitsi kulibe n'kudzafotokoza mmene zayendera. Gawo lililonse litenge mwezi umodzi kapena iwiri. Akangoima payekha, nayenso asankhe womutsatira, monga Paulo analangizira pa 2 Timoteo 2:2. Kamodzi pa mwezi abusa akumane ndi atsogoleri onse a milaga kwa maola awiri, ndipo msonkhano umenewu usaphwanyidwe ndi china chilichonse kupatula maliro. Guwa nalo litseguke: pa Malamulungu anayi a mwezi, limodzi alalikire wina, atakhala pansi ndi abusa kukonza ulalikiwo mkati mwa mlungu ndi kuunikanso atalalikira. Ulaliki wake woyamba sudzafika pa wa abusa. Palibe amene anayamba ali katswiri.

Wina adzati: tiphunzitsirenji munthu amene mawa asamukira ku Cape Town kapena kubwerera ku Mangochi? Ku Joni anthu amasamuka, ndipo simungaletse. N'chifukwa chake mpando uliwonse ukhale ndi anthu awiri, ndipo maphunziro akhale a miyezi, osati a zaka. Wosamukayo musamuone ngati wotayika. Muitaneni kutsogolo, mumupempherere, mumupatse kalata, ndipo ngati kumene akupita kuli Amalawi opanda mpingo, mumupemphe ayambitse mlaga. Mpingo umene umatsanzikana ndi anthu mwaulemu chonchi umazolowera kutuma, ndipo tsiku lotsegula nthambi silikhala lodabwitsa.

Mitundu, zilankhulo ndi ana

Pa Machitidwe 6 panabuka dandaulo loti amasiye olankhula Chigriki akuiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanakane, anasankhitsa amuna 7, onse a mayina a Chigriki, ndipo nkhaniyo imatha ndi kuchuluka kwa ophunzira. Yang'anani komiti yanu. Ngati mlembi, msungichuma ndi akulu a mpingo onse ndi a boma limodzi kumudzi, Mtumbuka, Myao kapena Mlomwe wobwera amadziwa msanga kuti pano adzakhala mlendo mpaka kalekale, ngakhale wina asamuuze. Migawano ina ya mipingo ya Amalawi kunja imatchedwa ya chiphunzitso pamene muzu wake ndi umenewu. Kumbukiraninso kuti Chichewa chanu amachimva anthu a ku Tete ndi a ku Chipata, amene ali ambiri m'madera omwewo. Dzina la mpingo ndi zolengeza zisawatsekere kunja.

Ana obadwira kuno amaganiza m'Chingerezi, Chizulu kapena Chisutu. Mukawakhazika maola atatu m'mapemphero a Chichewa chokhachokha, akadzafika zaka 15 adzapita kwina kapena kusiyiratu. Sande sukulu ikhale m'chilankhulo chimene akumva, nyimbo ndi mavesi oloweza zikhale m'Chichewa kuti chisawathawe. Ophunzitsa ana azikhala awiri nthawi zonse, chitseko chili chotsegula, ndipo akhale anthu amene mpingo ukuwadziwa bwino mbiri yawo.

Ndalama, ndi mantha a abusa

Mantha akuti chopereka chitsika ali ndi maziko: miyezi yoyambirira chidzatsikadi. Koma tawerengani ndalama imene ikuthera pa msewu. Tiyerekeze banja la anthu anayi la ku Diepsloot limene limakwera matakisi awiri popita, awiri pobwerera, ulendo uliwonse R20 pa munthu. Ndi R320 Lamulungu limodzi, R1,280 pa mwezi. Banja lotere limabwera kawiri pa mwezi m'malo mwa kanayi, limafika m'thumba muli mbee, ndipo silingaitane mnansi, chifukwa kumuitana ndi kumulipirira takisi. Mapemphero akakhala pafupi, ndalama ija imatsala m'manja mwawo ndipo anansi amatha kubwera wapansi.

Anthu sapereka mokondwa kumene sakuona mmene ndalama zikuyendera, makamaka m'dziko lino kumene nkhani za abusa odyera akhristu zinafika mpaka ku bungwe loteteza ufulu wa zipembedzo, zikhalidwe ndi zilankhulo la CRL Rights Commission, limene linatulutsa lipoti lake la kusandutsa chipembedzo malonda mu 2017. Chopereka aziwerenga anthu awiri osakhala pachibale, asaine onse, ndipo chilowe ku banki Lolemba. Akaunti ikhale m'dzina la mpingo, osati la abusa kapena la msungichuma, ndipo potulutsa ndalama pazisaina anthu awiri. Mwezi uliwonse lipoti liwerengedwe pamaso pa onse. Thumba la maliro, lothandiza kunyamula thupi kupita ku Malawi, likhale ndi buku lake ndi akaunti yake. Mukaliphatikiza ndi chopereka, maliro awiri otsatizana adzadya lendi ya holo, ndipo mkangano wake sutha. Kuyambira mwezi uno, patulani R10 pa R100 iliyonse ya chopereka kuti ikhale ya nthambi yatsopano, ndipo muzilengeza kuti yafika pati. Mzere umenewu pa lipoti umaphunzitsa mpingo kuposa maulaliki khumi.

Kuti banki ikutsegulireni akaunti idzafuna malamulo olembedwa a mpingo ndi ziphaso zovomerezeka za osainira. Kulembetsa ngati NPO (bungwe losachita phindu) ku Department of Social Development, pansi pa lamulo la 1997, n'kwaulere, koma mukatero muyenera kutumiza lipoti la ntchito ndi la ndalama chaka chilichonse pasanathe miyezi 9 chaka chanu cha ndalama chitatha, apo ayi amakufufutani. Kukhululukidwa msonkho ndi pempho lina lapadera ku SARS, bungwe lotolera misonkho. Ndipo mtsogoleri wa nthambi asadalitse ukwati n'kuuza anthu kuti walembedwa ku boma ngati sanavomerezedwe ndi Home Affairs kukhala womangitsa maukwati.

Nthambi itsegulidwe liti

Mwana wa nthochi amamuzula atamera mizu yake, ndipo amamuchotsa ndi khasu lakuthwa kuti mayi ndi mwana onse apole. Musatsegule nthambi chifukwa anthu akudandaula za mtunda pokha, ndipo musaitsegule pofuna kuchotsa munthu wovuta. Mudzangosamutsa vutolo n'kulipatsa guwa. Dikirani mpaka dera limodzi likhale ndi milaga iwiri kapena itatu yoyenda bwino kwa miyezi 6, akuluakulu odzipereka 20 mpaka 30, atsogoleri atatu (wophunzitsa Mawu, wosunga mabuku ndi ndalama, woona za ana), ndi ndalama ya lendi ya miyezi 6 ili kale m'thumba.

Madera atatu amene mwatchula sangalowe m'nthambi imodzi. Diepsloot ndi Cosmo City ali mbali imodzi, kumpoto chakumadzulo, pamene Tembisa ali kutali chakum'mawa, ku Ekurhuleni. Yambani ndi dera limodzi, kumene kuli anthu ambiri ndi mtsogoleri wokhwima, enawo apitirize ngati milaga. Kutsegula ziwiri nthawi imodzi ndi anthu 80 kudzasiya mipingo itatu yofooka.

Musadumphe kuchoka pa mlaga kufika pa mapemphero a mlungu uliwonse. Miyezi itatu yoyamba akumane kwawoko Lamulungu limodzi pa mwezi, miyezi itatu yotsatira kawiri, kenako mlungu uliwonse, n'kumabwera ku Rosettenville pa Mgonero kapena pa misonkhano ikuluikulu. Poyambira pabwino ndi kalasi ya sukulu kapena holo ya m'dera, pa mgwirizano wolembedwa. Kusandutsa nyumba yogonamo kukhala tchalitchi kumafuna chilolezo cha mzinda, ndipo zokuzira mawu zimadanitsa ndi anansi amene mukufuna kuwakopa. Malo alionse muone kuti ali ndi makomo awiri otulukira osakhomedwa ndi chozimitsira moto. Moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Lendi yotsika m'nyumba ya m'tauni imene zigawenga zinalanda kwa eni ake si mwayi.

Musanatume anthu, lembani mgwirizano wa tsamba limodzi: nthambi ili pansi pa ndani, chopereka chake chidzagawidwa bwanji, mtsogoleri wake amasankhidwa ndi kuchotsedwa motani, zida zimene yapatsidwa ndi za yani, ndipo idzaima payokha ikakwaniritsa ziti. Ngati mpingo wanu uli pansi pa sinodi, dayosizi kapena likulu la ku Malawi, auzeni musanayambe, osati mutatsegula kale. Migawano imene abusa akuopa imabadwa pa mfundo zimene sizinalembedwe, makamaka ya ndalama. Nthambi imene imatumiza chopereka chonse ku likulu n'kumapempha ngakhale ya makandulo sichedwa kupanduka. Ndi bwino isunge gawo lalikulu, n'kumatumiza gawo lodziwika limene mwagwirizana.

Tumani anthu abwino, osati otsala. Pa Machitidwe 13 mpingo wa ku Antiokeya unatulutsa Barnaba ndi Saulo, amene anali pakati pa aphunzitsi ake odalirika. Woimba kiyibodi wanu wabwino akakhala wa ku Cosmo City, apite, ndipo wophunzira wake atenge malo ku Rosettenville. Tsiku lowatuma likhale la chisangalalo, mayina awo atchulidwe, asanjikidwe manja, ndipo abusa anene ndi pakamwa pawo kuti anthuwa sakuthawa, tikuwatuma. Pambuyo pake abusa asamalankhule za "amene anatisiya," ngakhale mwanthabwala, chifukwa mawu amodzi otere amafika ku Diepsloot dzuwa lisanalowe.

Ku Rosettenville mipando 25 idzakhala yopanda anthu, ndipo Malamulungu oyamba nyimbo zidzamveka zozizira. Chotsani mipando yotsalayo kuti holo isaoneke yamasiye, muziionjezera pamene anthu akubwera. Pitirizani kuwerenga monga munayambira, koma tsopano pa lipoti la mwezi muziphatikiza manambala a malo onse awiri, pamodzi ndi chiwerengero cha milaga ndi cha atsogoleri amene akuphunzira. Abusa azikachezera nthambi kamodzi pa mwezi chaka choyamba, ndipo pa maulendo ena akakhale pansi kumvetsera mtsogoleri wa kumeneko akulalikira.